Khutu la M'thumba

Dzina lakuti Khutu sanachite kulitola pamsewu, analikhetsera thukuta. Mumzere wonse wa magalaja, kuyambira kwa wamatayala mpaka kwa wowotcherera kumapeto, munthu akabwera ndi galimoto yodwala matenda osadziwika ankangomulozera chitseko cha malata obiriwira, amvekere, "Pitani nayo kwa a Khutu akaimvere." Ndipo a Khutu ankaimveradi. Ankatsegula boneti, n'kuuza mwini galimoto kuti alize injini, iwo n'kuima chapatali pang'ono, manja kumbuyo ngati woyang'anira mayeso, mutu atapendeketsa, maso atatsinzina. Pakapita kanthawi ankalankhula mawu awiri atatu basi: "Beringi ya pampu," kapena, "Pulagi yachiwiri yatopa." Ukamasula unkapeza zilidi momwemo.

Luso limeneli analitenga pa mabasi akale, nthawi imene galimoto inali chitsulo, mafuta ndi moto basi. Anakhwimira m'phokoso: hamala pachitsulo, gilayinda ikulira pambali, injini zopanda ekizozi zikubangula pansi pa denga la malata. Zotsekera m'makutu anapatsidwapo, koma anazipachika pamsomali mpaka akangaude anamangapo nyumba. Ankati makaniko wotseka makutu ali ngati wophika womanga mphuno.

Tisabise, munthuyu anali ndi matama. Pamene amakaniko ena anatsegula galaja tsidya la msewu n'kuyamba kupima magalimoto ndi kompyuta, a Khutu ndiwo anatsogolera kuseka. Ankakhala pabenchi nthawi ya tiyi, wowotcherera ali uku, wamatayala ali uko, n'kumaloza ndi kapu. "Taonani, akufunsa wailesi yakanema kuti galimoto ikumva kupweteka pati. Kandimverere anakanena za m'maluwa, anzanga. Munthu uzidzimvera wekha." Mwambi umenewu anaubwereza mpaka anthu a mumzerewo ankaumalizitsa okha iwo akangoyamba.

Akazi awo ankasoka makatani ndi mayunifolomu pakhonde la kunyumba, ndipo anali ndi maganizo awoawo pa dzina lotchukalo. Akawauza amuna awo kuti denga likudontha, a Khutu ankati mawa. Akawauza kuti achepetse shuga mu tiyi, ankawonjezera supuni. "Kunjaku dzinali analidula pakati," mayiwo ankatero uku akuponda mashini. "Lonse ndi Nkhutukumve. Ine ndinakwatiwa ndi munthu wosamva." A Khutu ankaseka nawo, poti masiku amenewo mawuwo ankangotanthauza mutu wouma.

Makutu sachoka tsiku limodzi ngati dzino. Choyamba kusowa chinali likhweru la ketulo, ndipo a Khutu anatsala pang'ono kugula ketulo ina. Kenako geti ya galaja, imene inakhala ikulirira girizi chiyambire, inangoti zii. Kenako mawu a anthu anayamba kufika oduka michira, makamaka mawu a amayi ndi a anthu aulemu olankhula atawerama. M'malo mwa zonsezo m'mutu munalowa kamluzu kosatha. Khutu lamanzere linatsogola, lamanja likutsatira pambuyo mwaulesi.

Kubangula kwa injini ankakumvabe, koma kubangula ngakhale galu amakumva. Chimene chinkawadyetsa a Khutu chinali timawu ta pansi pa kubangulako, kugogoda kwa apa ndi apo, kutsonya kwa lamba, kupuma kwa paipi yong'ambika. Timeneto tonse tinapita. Tsiku lina anasinthitsa mayi wina pampu ya madzi yabwinobwino pamene phokoso linali mu alitaneta, chopangira magetsi. Mayiyo atabweranso ndi galimoto ikulirabe, a Khutu ananamizira wogulitsa masipeya, munthu wosalakwa amene anakhala akuwasungira katundu wabwino zaka zonsezi. Madzulo ake chakudya chinawakanika.

"Bambo," akazi awo anatero ataima patsogolo pawo penipeni, "bwanji mukapimitse makutuwo kuchipatala?"

A Khutu anamenya tebulo, supuni zinadumpha. "Makutu a ndani? M'nyumba muno wofuna kukamba za makutu anga atuluke, khomo ndi ilo!"

Mayiwo sanatuluke, komanso nkhaniyo sanaibwerezenso. A Khutu anayesa kuti apambana.

Patapita masiku anakwera minibasi kupita mbali ina ya mzinda kumene nkhope yawo sinkadziwika. Analowa m'sitolo ya mafoni, chipewa atachitsitsa, n'kunena kuti atumidwa ndi mphwawo. Kachipangizo kamene anagula n'kakang'ono ngati bokosi la machesi. Umakalowetsa pa kabowo kobisika pansi pa chiwongolero, n'kutembenuza kiyi, iko n'kuyamba kuphethira timagetsi uku kakulankhula ndi foni popanda waya. Wogulitsayo anawaikira pulogalamu yake m'foni. Ataona kuti kasitomala akungogwedeza mutu pa zinthu zosafuna kugwedeza mutu, anayamba kufotokoza mokuwa, mpaka anthu onse a m'sitolomo anatembenuka. A Khutu anatuluka thukuta lili kamukamu, kachipangizo kali m'sokosi.

Kuseri kwa galaja yawo kunali kachipinda kosungira masipeya, kopanda zenera, konunkha oyilo wakale ndi mikodzo ya makoswe. M'menemo ndimo analowa sukulu atakalamba kale. Magalasi pamphuno, chala chakuda pagalasi la foni, anaphunzira kuti galimoto za masiku ano zimasunga madandaulo awo, ndipo kanyali kachikasu kakayaka padashibodi ndiye kuti mkatimo mwalembedwa khodi, chilembo chimodzi ndi manambala anayi. P0171 ikutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. P0303 ikutanthauza kuti silinda yachitatu ikuphonya moto. Anazindikiranso kuti foni simakuuza chomasula. Imangoloza pamene pakupweteka, koma kusiyanitsa pulagi, koyilo ndi waya wodyedwa ndi khoswe, imeneyo inali ntchito ya manja awo akale omwe aja. Izi zinawatonthoza pang'ono, koma sizinachotse manyazi.

Ndiye anapanga njira yawo. Kasitomala akafika, a Khutu ankagwada pansi pa chiwongolero ngati akuona mawaya, n'kulowetsa kachipangizo. Kenako ankagwira pamimba, amvekere, "Pepani, ndikubwera," n'kuthamangira kuseri. Anthu a mumzerewo anafika pokhulupirira kuti a Khutu ali ndi vuto la chikhodzodzo, ndipo wamatayala anawabweretserapo mankhwala. M'kachipinda muja ankawerenga khodi, n'kubwerako atabisa foni m'thumba la ovolosi. Akatero ankatsegula boneti, manja kumbuyo, mutu pendeke, maso tsinzi, n'kulengeza zimene foni yawanong'oneza. Akamaliza kukonza ankafufuta khodi mobisa, kanyali n'kuzima, mwini galimoto n'kugwira pakamwa.

Chowawa kwambiri n'chakuti mbiri yawo inakula. Anthu anayamba kunena kuti a Khutu amamva ngakhale matenda a magetsi, amene alibe phokoso n'komwe. Wina anabwera kuchokera kutali atangomva dzina. Aliyense wowayamikira ankakhala ngati akuwathira madzi otentha kumsana. Koma nthawi ya tiyi, amakaniko a tsidya lija akatulutsa kompyuta yawo, wowotcherera ankawayang'ana modikira, ndipo a Khutu ankanenabe mwambi uja, foni ili m'thumba ikuwawotcha ntchafu. Kachipangizo koyamba katasowa anagula kena, ndipo koyambako atakapeza pansi pa mpando wa galimoto ina anasangalala kuti tsopano ali ndi tiwiri.

Pa anthu analibe kachipangizo. Pamenepo anadzipezera mayankho atatu amene amalowa paliponse ngati sipanala yosinthasintha: "Eya," "Chabwino," ndi "Zimachitika zimenezo." Munthu akamwetulira ankamupatsa eya. Akaoneka wofunsa ankamupatsa chabwino. Akaoneka kuti nkhani yake ndi yolemera ankamupatsa zimachitika. Mawu akuti "mwati chiyani" anawaletsa pakamwa pawo, chifukwa munthu wotchedwa Khutu sangafunse funso limenelo.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, wokwatiwa ndi mphunzitsi wofatsa kwambiri. Banjalo linakhala zaka zingapo lopanda mwana, mpaka achibale anatopa kufunsa, ndipo a Khutu, amene sankadziwa kukamba zoterezi, ankangomukonzera mkamwini galimoto mosamala kuposa za anthu ena onse. Lamlungu lina masana mwanayo anabwera kudzacheza. Mayi ake ali kukhitchini, iye anadzakhala pampando wa kumanzere kwa bambo ake, nayang'ana zala zake, n'kulankhula motsitsa. A Khutu anaona milomo ikuyenda koma sanatolepo kanthu. Anayang'ana nkhope ija yowerama, naganiza kuti ndi nkhani yolemera.

"Chabwino," anatero. "Zimachitika zimenezo."

Mwanayo anadzutsa mutu n'kuwayang'ana ngati akudikira zina. A Khutu anaopa kuti abwereza ndipo iwo aphonyanso, choncho anadzuka n'kupita panja kukaona mpope umene sunali kudontha. Pobwerako anapeza mwana atapita osatsanzika. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kubwera Lamlungu, ndipo akakumana ankangopereka moni wouma. A Khutu anaona, zinawapweteka, koma kufunsa kukanafuna kumva yankho.

Tsiku la tsoka linafika lili ndi dzuwa labwinobwino, paja chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa kunabwera wabutchala ndi kagalimoto kake konyamulira nyama, kakunjenjemera ngati ka malungo. Wabutchalayu a Khutu ankamukonda pa chifukwa chimodzi: anali ndi mawu ngati lipenga, munthu yekhayo mumzinda wonse amene ankamumva mawu onse osaphonya. Anagwada pansi pa chiwongolero chake, nalowetsa kachipangizo koyamba. Wabutchala anakhalabe m'galimotomo, kiyi atatembenuza kuti azimvera wailesi. A Khutu anali atagwira kale pamimba kuti athamangire kuseri pamene pageti panalowa galimoto yoyera yonyezimira, mkamwini wawo ali pachiwongolero, pambali pake pali mayi ake, eni galimotoyo.

Asewele amenewa anali mayi wa ukhondo woopsa, wopuma pa ntchito ya unamwino, amene ankapukuta mpando asanakhalepo. Anatsika atatambasula manja, nalankhula mokweza ndi chimwemwe.

"Agogo anzanga! Muli bwanji?"

Mawu amenewo a Khutu anawamva, koma anayesa kuti akuwaseka imvi. "Takalambadi, asewele," anayankha, n'kubisa manja awo akuda kumbuyo.

Mkamwini anafotokoza akuloza padashibodi, ndipo kanyali kachikasu kanadzifotokozera kokha. Zinaoneka kuti panjira yonse anakhala akuwatamanda apongozi ake, chifukwa asewele anakhala pabenchi atayalapo mpango, chikwama pamiyendo, ngati munthu wobwera kudzaonera masewero. Wowotcherera anazimitsa moto wake n'kusendera. Wamatayala nayenso anabwera akupukuta manja.

Galimotoyo inali ya makono, yoyendera mafuta ndi batire. A Khutu anali atangomvapo za mtundu umenewu, koma asanaugwirepo. Anagwada pansi pa chiwongolero, nalowetsa kachipangizo kachiwiri, n'kupepesa kuti akubwera. Analowa m'kachipinda muja. Anatsegula pulogalamu, foni inalumikiza msangamsanga monga mwa masiku onse, ndipo khodi inatuluka imodzi yokha: P0303. Anapuma. Silinda yachitatu, nkhani yaing'ono, nkhani imene akanaiimba ngakhale ali m'tulo. Sizinawafikire m'mutu kuti tizipangizo tawo tiwiri tinali ndi dzina limodzi pafoni, ndipo foni inathamangira kamene inazolowera.

Anabwerako ali ndi mphamvu. Anatsegula boneti ndi nsonga za zala, powopa kudetsa penti ya asewele. Mkamwini anadina batani, ndipo a Khutu anaona ndi maso awo injini ikugwedezeka pang'ono pansi pa chivundikiro chake chapulasitiki, koma kulira kwake kunali kotsika kwambiri moti sanakumve. Anabwerera m'mbuyo, manja kumbuyo, mutu pendeke, maso tsinzi. Anawerengera mumtima nthawi yokwanira kuti zioneke zovuta. Tsiku limenelo, poti panali asewele, anaganiza zowonjezera mchere.

"Mukuimva?" anatero, maso ali chitsinzinire. "Imvani bwino. Ikuyenda, ikuyenda, kenako ikudumpha. Apo! Mwamva apo? Yadumphanso. Silinda yachitatu imeneyo, ikuphonya moto. Tamvani, apo!"

Anakweza chala n'kumaimbira nthawi, kudumpha kulikonse akukuloza m'mwamba. Anamva dzanja likuwagwira pachigongono mofatsa, koma analisasa. Kenako panamveka mawu okhawo amene sakanawaphonya, mawu a wabutchala.

"A Khutu! Mukumvera chiyani? Injini inazima kalekale!"

Anatsegula maso. Injini inali duu, yosagwedezeka ngakhale pang'ono. Galimoto za mtundu umenewo zimadzizimitsa zokha zikaona kuti batire yakwana, ndipo iyi inazima iwo atangotsinzina. Chala chawo chinali chidakali m'mwamba. Mkamwini anali pambali pawo, nkhope itagwa, ndipo zinaoneka kuti anakhala akuwanong'oneza kwa nthawi, kukhutu lamanzere. Asewele anali atagwira chikwama ndi manja awiri, akuyang'ana nsapato zawo.

A Khutu anayesa kuseka. "Ndimanena mmene imamvekera isanazime," anatero, koma ngakhale iwo eni anaona kuti bodzalo lilibe miyendo.

Mkamwini anawerama m'galimoto ngati akufuna chinachake pansi. A Khutu anamuona akuima kaye, kenako dzanja lake likufumbata kanthu kophethira n'kukalowetsa m'thumba mwakachetechete. Mnyamatayo ankawabisira. Chifundo chimenecho chinawalasa kuposa kuseka, chifukwa chinatanthauza kuti wamvetsa zonse. Koma wabutchala analibe chifundo chotere, osati chifukwa cha nkhanza, kungoti mutu wake ndi pakamwa pake panalibe chitseko. Potsika m'galimoto yake bondo linagunda kanthu, ndipo anakazula n'kukakweza m'mwamba.

"Nanga aka n'kachiyani kakuphethira muno? Si tija ta anyamata a kompyuta iti? Komanso, a Khutu, galimoto yodumpha ndi yanga! Mwamvera yanga muli pa ya eni ake?"

Apo m'pamene zinawalowa. Silinda yachitatu inali ya wabutchala. Mapanga awiri anali atawavumbwitsa pamaso pa asewele. Anayang'ana kubenchi, naona milomo ya wowotcherera ikuyenda. Mawu sanawamve, koma sanafunikire kuwamva, poti milomoyo inkaumba mwambi wawo womwe uja, ndipo wamatayala anaumalizitsa akuyang'ana kumbali. Tsiku limenelo chinthu chokha chimene a Khutu anamva bwinobwino chinali manyazi.

Akanatha kuthawira kuseri n'kudzitsekera, koma galimoto ya asewele inali idakali ndi kanyali. Mkamwini anawapatsa kachipangizo kaja ndi manja awiri, ngati akupereka chinthu chopatulika. A Khutu anagwada, nakalowetsa. Kenako, pamaso pa mzere wonse, anapisa m'thumba la ovolosi, natulutsa foni, natulutsanso magalasi amene palibe anawaonapo atavala. Khodi inaloza ku thanki, kuti mpweya wa mafuta ukuthawa penapake. Anazungulira kumbuyo kwa galimoto, natsegula kachitseko, napeza chivundikiro cha thanki chosatsekedwa bwino. Anachipotokola mpaka chinagwira, nafufuta khodi, kanyali n'kuzima. Matenda onse anali amenewo.

Asewele anadzuka, napinda mpango wawo, nabwera pafupi. Anawayang'ana m'maso mwa unamwino, n'kulankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, pakamwa atayasamula kwambiri monga amachitira ndi odwala okalamba. Anathokoza, natinso masiku ano kuli timakina tothandiza kumva ndipo palibe chochititsa manyazi. A Khutu anamva zonse, ndipo analakalaka akanapanda kumva.

Anatseka galaja dzuwa lili pamutu, galimoto ya wabutchala ili momwemo. Anayenda wapansi kudzera njira ya kuseri kwa msika kuti asakumane ndi owadziwa. Kunyumba anapeza akazi awo pakhonde, mashini ikuyenda, pamiyendo pali kansalu kachikasu kofewa. Mayiwo anayang'ana dzuwa, nayang'ana amuna awo, n'kuchotsa phazi pachopondera. Foni yawo inali patebulo la mashini, ndipo a Khutu anadziwa kuti nkhani yawatsogolera.

Anakhala pasitepe. Mayiwo ananyamula mpando n'kudzakhala kudzanja lamanja, patsogolo pang'ono, pamene nkhope yawo inkaoneka yonse. Apo a Khutu anazindikira kuti akazi awo akhala akukhala malo amenewo kwa nthawi yaitali, patebulo, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi.

"Munkadziwa," anatero.

"Kuyambira pa ketulo."

"Ndiye munangondisiya ndizivina ngati chitsiru?"

"Munandilozera khomo, bambo. Mwaiwala?" Mayiwo sankakuwa, ankangolankhula molunjika. "Zakugalajazo zisakudyeni. Aseka sabata imodzi, kenako abwera nazo magalimoto, chifukwa manja anu sanagonthe. Kusamva kwa makutu si mlandu. Mlandu wanu ndi kusamva kwakale kuja."

Kenako anawerama kutola kansalu kamene kanagwa, nalankhula kena nkhope ili pansi. Mawuwo anafika oduka. Pakamwa pa a Khutu panabwera kale "eya," wokonzeka, wosalala. Anamumeza. 

"Mwati chiyani, mayi? Sindinamve."

Akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali. Anatambasula kansalu kaja pamaondo awo. Kanali kamalaya, manja ake aafupi ngati chala cha munthu wamkulu.

"Ndati, mukuganiza kuti timeneti ndikusokera ndani?"

"Si ta makasitomala?"

"Lamlungu lija mwana anadzakhala pambali panu. Anandipempha kuti ndisakuuzeni, ankafuna akuuzeni yekha, mukhale woyamba kumva mwa amuna onse a pabanja pano kupatula mwamuna wake. Anati, 'Bambo, mukhala agogo.' Zaka zonse zija akudikira, akulira m'bafa kuti anthu asamuone. Inu munati chiyani?"

A Khutu ankakumbukira bwino lomwe chimene ananena, ndiponso mpope umene sunali kudontha.

"Anatulukira kukhitchini akulira," mayiwo anapitiriza. "Ndinamuuza kuti bambo ako atopa. Ndikanati bambo ako sanamve, ndikanakhala ndaulula chimene munandiletsa. Iye anati, ngati sakufuna kuikamba isiyeni, musawakakamize. Ndiye ndinakhala pakati ngati nsalu pamano a sizasi, ndikudikira tsiku limene mudzafunse. Timalayati ndakhala ndikutisokera pamaso panu dala."

Manyazi a kugalaja aja anachepa mwadzidzidzi, anasanduka kanthu kamasewera. Kumeneko anataya dzina limene anthu a pamsewu anawapatsa. Koma kuti asunge dzina limenelo anali atabweza mwana wawo yekhayo ndi mawu amene ankapatsa makasitomala odandaula za matayala. Anayang'ana manja awo, oyilo ali m'zikhadabo, ndipo misozi inagwera pa ovolosi osaibisa.

Mwachizolowezi anapisa m'thumba kufuna foni kuti amuimbire. Anaiyang'ana, n'kukumbukira kuti pafoni sankamvanso mawu a mwanayo, ankangoyankha eya mpaka adule. Anaiika patebulo la mashini pambali pa ulusi.

"Ndikakanena kuti chiyani?"

"Chomwe mwandiuza inechi. Sichinakupheni."

Anasamba m'manja kawiri, koma ovolosi sanasinthe, poopa kuti akalowa m'nyumba mtima ubwerera. Mwana wawo ankakhala m'nyumba zosanjikizana, ndipo a Khutu anakwera masitepe akupumira pakona iliyonse. Anatsegula chitseko ndi mkamwini, amene anawerama n'kupezeratu chochita kukhitchini. Mwanayo anali pampando, maso ofiira. Zinali zoonekeratu kuti mwamuna wake wamufotokozera za kugalaja, ndipo iye walumikiza yekha zotsalazo. Atadzuka kuti awalandire, a Khutu anaona chimene maso awo akanaona kalekale akanakhala kuti sankathawa kumuyang'ana.

Iye anatsegula pakamwa kuti awapeputsire, koma bambo ake anakweza dzanja. Anakoka kampando, nakhala patsogolo pake, natembenuzira kwa iye khutu lamanja, poyera, monga amachitira nkhalamba zonse zimene iwo ankaziseka.

"Mwana wanga, makutu anga anatha. Tsiku lija sindinamve. Bwereza."

Mwanayo anagwada, nagwira maondo a ovolosi yakudayo osasamala za diresi lake. Anapuma mpweya wambiri, n'kunena mokweza, mwakuti a nyumba yoyandikana anatsitsa wailesi.

"Bambo, mukhala agogo!"

A Khutu anagwedeza mutu, koma eya sanatuluke, chabwino sanatuluke. Anaphimba nkhope ndi manja onunkha sopo ndi oyilo.

"Bwerezanso," anatero.

Koyambako anali atamva.